Kope la Agogo Kalichero Silinalowe M'manda

Kuchokera ku Kalabu ya Oonera Mbalame, Sukulu ya Pulayimale ya Mtsukunya, kwa Kapelula, Kasungu

Kupita kwa Agogo anaMwale (Mayi Lefina Kalichero), ana awo, mbumba yonse, ndi anthu onse okhala m'mbali mwa dambo la Mtsukunya

10 Malichi 2025

Ife a Kalabu ya Oonera Mbalame, mamembala tonse makumi atatu ndi mmodzi, pamodzi ndi aphunzitsi otiyang'anira, Madamu Olive Msowoya, tinagwidwa ndi mantha aakulu ndiponso chisoni chozama pamene tinamva za imfa ya Agogo a Redson Kalichero, mlangizi wathu ndi tate wa kalabu yathu, amene anatisiya masana a Lachiwiri pa 25 Febuluwale ali ndi zaka 74. Uthengawo unatipeza m'kalasi, choko chili m'manja mwa aphunzitsi, ndipo ambiri a ife tinakana kuukhulupirira, pakuti Loweruka la sabata yomweyo yapitayo tinali nawo limodzi kudambo, atapinda buluku mpaka m'mawondo, akutikalipira kuti tikuyenda ngati ng'ombe zopita ku dibi. Anakomoka ali m'chigafa mwawo, singano yosokera fodya ili m'manja, ndipo ngolo isanafike nawo kuchipatala anali atapuma kale.

Tikudziwa kuti uthenga uno wachedwa pafupifupi masabata awiri, ndipo tamva kuti pachitsime ena ayamba kale kunena kuti ana a mbalame aja alibe mwambo, adya nzeru za munthu ndi kupukuta pakamwa. Sitikwiya nawo, ngakhale mayina awo tikuwadziwa. Chimene chinatichedwetsa muchimva m'munsimu, ndipo tikhulupirira kuti mukachimva mitima yanu ikhala pansi monga yakhalira yathu. Chifukwa tikadalemba sabata yatha, tikadalira maliro awiri, a munthu ndi a kope lake, komanso tikadadetsa pa pepala dzina la munthu wosalakwa.

Agogo a Redson anagwira ntchito ku malo ogona alendo a Lifupa, m'nkhalango ya nyama ya Kasungu, zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Anayambira kutsuka mbale, kenaka anakwezedwa kuti azinyamulira alendo tiyi m'mbali mwa damu, ndipo ndi kumeneko kumene anazindikira kuti pali anthu ena pa dziko lino amene amachoka kutali kwambiri kudzangoyang'ana mbalame, osaitchera, osaiwamba, osafunsa n'komwe ngati ili yonona. Poyamba ankawaseka mumtima, monga ankatiuzira okha, koma pomaliza ndiwo amene ankalozera alendowo kumene kwatera nkhwazi. Atapuma pa ntchito anabwerera kuno kudzalima fodya, atatenga zinthu ziwiri: magalasi oonera patali amene mlendo wina anawasiyira, diso limodzi losweka, omangidwa ndi mphira wa tchubu, ndi kope lachikuto chakuda. M'kope limenelo analembamo mbalame za dambo la Mtsukunya zaka makumi awiri ndi chimodzi osadumphitsa dzinja ndi limodzi lomwe, tsamba lililonse ataligawa ndi mizere itatu: dzina la mbalame, tsiku lofika, tsiku lonyamuka. Masamba akatha, akazi awo, Agogo anaMwale, ankasokereramo ena ndi ulusi wa fodya, mpaka kopelo linanenepa ngati buledi wa ku Boma.

Ndi iwo amene analemba mavuwo awiri, mbalame zazikulu za thumba kukhosi, amene anatera pano chaka cha madzi osefukira, anthu akuthawa kuti kwagwa malodza. Ndi iwo amene anatiphunzitsa kusiyanitsa chiswankhono ndi dokowe poona mpata wa pamlomo, ndi kuwerenga zipweyo zikauluka popanda kuwerenga chimodzi kawiri. Ndi iwo amene anagona chogwada pamaso pa eni munda kuti mtengo wa chisa cha nantchengwa usadulidwe kukhala mikangala yopachikira fodya. Anayambitsa kalabu yathu ndi ana asanu ndi awiri, ndipo lamulo lawo loyamba linali lakuti wolowa kalabu asiye legeni yake pakhomo. Lero malegeni amenewo adzaza chitini chonse mu ofesi ya aphunzitsi aakulu. Anthu ankawanena, tisabise. Ena ankati munthu wamkulu kuwerenga mbalame ngati ndi nkhuku zake. Ena ankati mbalame sadya ndi maso. Koma chaka chimene mbozi zinagwa m'chimanga adokowe n'kuzitola munda ndi munda, omwe ankasekawo ndi amene ankabwera kudzafunsa kuti, "A Kalichero, mbalame zanu zija zifika liti kwathu kuno?"

Tsopano tifike pa nkhani yeniyeni, imene Agogo anaMwale atilola okha kuti tiilembe yonse, osabisa kanthu.

Kumapeto kwa dzinja ngati kuno, fodya akuthyoledwa, adokowe oyera amasonkhana padambo lathu kudya ziwala asananyamuke ulendo wawo wautali wa kumpoto. Chaka chino tinawerenga makumi asanu ndi limodzi ndi atatu, ndipo pakati pawo panali mmodzi wovala mphete yachitsulo kumwendo. Agogo a Redson anatifotokozera kuti kumayiko akutali kuli anthu amene amaveka anapiye a dokowe mphete za manambala, ndipo munthu akawerenga nambala yonse n'kuitumiza, atha kuuzidwa mudzi umene mbalameyo inaswedwera. Anati chiyambire kuonera mbalame sanaonepo mphete padambo lino. Vuto lake n'lakuti mphete imazungulira mwendo, ndiye ukaona mbali imodzi, ina yabisala. Loweruka lomaliza lija anakhala pachulu maola atatu, dzuwa likuwaotcha, kenaka analemba kanthu m'kope n'kulitseka msanga.

"Mutu ndaupeza," anatero, "kwatsala mchira."

"Agogo, tationetsani!"

"Ndikuonetseni kuti Loweruka likudzali muzidzaona zimene ndakuuzani ine, osati zimene zili pamwendo? Inu ana inu, ndikakuuzani kuti pali seveni, ngakhale pamwendo wa nkhuku mudzamuona seveni. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mudzawerenge mchira nokha, tidzalumikize. Ndipotu kope ili ndi lanu, ine ndikungokusungirani."

Patapita masiku atatu anamwalira, mutu wa nambalayo uli m'kope lotseka.

Agogo anaMwale anakhala ndi amuna awo zaka makumi anayi ndi zisanu ndi zitatu, ndipo m'zaka makumi awiri ndi chimodzi zomalizazo sanawaonepo akutuluka pakhomo opanda kope m'khwapa. Kumunda nalo, kutchalitchi nalo, ngakhale ku okushoni ya fodya nalo. Agogo anaMwale iwo sukulu anangoilawa, ndipo kudambo sankapitako. Ankati mbalame akuziona kale zokwanira zikamaba mapira. Zoti kopelo linalonjezedwa kwa ana asukulu, palibe amene anawauza. Tsono m'mawa wa tsiku loika maliro, atakhala m'siwa pakati pa amayi, anayamba kuganiza kuti munthu amene sankafika ngakhale pachigayo opanda kope, angamulole bwanji apite ulendo waukulu chimanjamanja? Anadzuka mwakachetechete, natenga kopelo, pensulo yake yaifupi, chipewa ndi mbale imene malemuwo ankadyera, nazikulunga m'chitenje chobiriwira, n'kupereka mtolowo kwa a Simeon, mkulu wa adzukulu okumba manda, kuti akauike m'dzenje pambali pa bokosi. Amayi kumanda amakhala patali, ndipo ife ana tinali patali koposa. Palibe wa ife amene anaona.

Loweruka pa 1 Malichi tinapita kudambo tokha ndi Madamu Msowoya, magalasi aja titabwereka. Tinali chete monga sitinakhalirepo chete chibadwire. Dokowe wa mphete anatiyandikira cha m'ma teni koloko, akuthamangitsa chiwala, ndipo atatembenuka, mlembi wathu Fainess anawerenga folo, ziro, naini. Wapampando anawerenganso payekha, napeza zomwezo, nazilemba pamkono ndi bolopeni. Tinathamanga ndi matope athu mpaka kusiwa, tinagwada pakhomo monga mwa mwambo, ndipo titapepesa tinapempha kope.

Agogo anaMwale amati pamene anamva mawu oti "anatilonjeza", anamva ngati wina wawathira madzi a m'chitsime pamsana. Anayang'ana mkono wa mwana uli ndi manambala atatu, anayang'ana nkhope makumi atatu zodikira.

"Sindikudziwa kumene lili, ana anga," anatero, n'kutembenukira kukhoma.

Tinafunafuna. Ana a malemu anatithandiza kutukula mphasa, kusanthula m'sutikesi, kukwera m'chigafa kupenya pakati pa fodya wopachika, mpaka tonse tinatuluka manja ali nemberembe ndi utomoni wa fodya. Kope osaoneka. Ndipo pamenepo ndi pamene Fainess anakumbukira chinthu chimene anaona tsiku la maliro, ndipo n'chifukwa chake uthenga uno uli ndi chipepeso chachiwiri.

Iye anati adzukulu atabwerako kumanda n'kusamba, anakhala pansi pa mango, ndipo a Simeon anatulutsa pepala la mizere, lolembedwa ndi dzanja, naling'amba bwinobwino, napichira chingambwe, n'kugawirako anzawo. Aliyense kuno amadziwa kuti nyengo ya fodya pepala silikhalitsa. Kalata ya ukwati imene, ukaisiya poyera, umaipeza ili utsi. Fainess anauza wapampando. Wapampando, amene akulemba uthenga unoyu, anangouza anthu awiri okha, koma mwatsoka mmodzi mwa awiriwo anali mayi ogulitsa zitumbuwa pageti la sukulu. Pofika Lamulungu potuluka m'tchalitchi, mudzi wonse unali utadziwa kuti a Simeon asuta zaka makumi awiri ndi chimodzi za mbalame. Pofika Lolemba, nkhaniyo inali itakula kuti chikuto chomwe anayatsira moto wowotchera chimanga. Akulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa, ndipo ife tinazinena ndithu, ndi timadzi take.

A Simeon sanathandize konse. Munthuyu ndi mnzawo wa malemu wa paubwana, analowa dambwe chaka chimodzi, ndipo pakamwa pake mukupadziwa nonse. Titadutsa pakhomo pawo osawalonjera, anatulutsa utsi m'mphuno n'kufuula kuti, "Wapampando, mwadzuka bwanji? Lero ndikusuta akakowa, ndi opepuka pachifuwa. Mawa ndiyamba abakha!"

"Agogo a Simeon, mulibe chisoni? Anali anzanu!"

"Anzanga, inde. N'chifukwa chake ndikumuwerenga pang'onopang'ono."

Fainess analira njira yonse. Anyamata a m'kalabu anafuna kukatenga malegeni awo mu ofesi, Madamu Msowoya n'kukhala pa chitinicho okha mpaka belu lolowera.

Zonsezi zinkafika m'makutu mwa Agogo anaMwale, chifukwa m'siwa nkhani zimalowa ndi aliyense wodzapepesa. Iwo okha ndiwo ankadziwa kuti a Simeon sanasute kanthu. Amati masiku amenewo anasenza mitolo itatu pamutu umodzi: amuna awo apita, chuma cha ana achikwirira ndi manja awo, ndipo munthu amene anakumbira amuna awo manda pa mvula akutukwanidwa ndi mudzi wonse chifukwa cha bodza limene iwo akanatha kulithetsa ndi mawu awiri. Koma akanena, ana aja awaona bwanji? Ana awo omwe adzati chiyani, poti anawaonerera akukwera m'chigafa iwo ali chete? Chakudya chinkabwerera momwe chabwerera. Amayi a chigwirizano ankati ndi chisoni cha umasiye, osadziwa kuti ndi kope. Ndipo masana aliwonse ankamva ana odutsa akuuzana kuti adokowe atsala makumi anayi, atsala makumi awiri ndi asanu, akunyamuka.

Lachinayi pa 6 Malichi linali tsiku lometa maliro, ngakhale masiku ano ambiri sametadi, amangosesa pabwalo, kupemphera ndi kumwazikana. Ife tinapemphedwa kubwera titaweruka. Abusa atatseka pemphero, anthu akuyamba kufuna nsapato zawo, Agogo anaMwale anakwawa kuchoka pamphasa nagwada pakati pa bwalo, chinthu chimene namfedwa sachita kawirikawiri.

"Abale, musanapite. Kope limene ana awa akulira, a Simeon sanasute. Ndinakulunga ndine, ndinapereka ndine, lili m'manda ndi eni ake. Sindinadziwe kuti analonjeza ana. Nditadziwa, ndinachita manyazi, ndinanama. A Simeon, alamu anga, mwatukwanidwa sabata yonse chifukwa cha ine. Ana inu, ngati n'kundida, ndideni ine."

Sitingathe kulemba mmene tinamvera. Manambala a pamkono anali atafufutika kale ndi sopo, koma tinali titawasunga pamtima, ndipo tsopano anasanduka mchira wopanda mutu mpaka muyaya. Kuwada agogo sitikanatha. Kuwayang'ana a Simeon sitikanathanso. Tinangoweramira pansi, misozi ikugwera pa yunifolomu.

A Simeon anazimitsa ndudu yawo pachidendene, naipanira kukhutu.

"Alamu, mwatha?"

"Ndatha."

"Mwati lili m'manda. Kodi m'dzenje muja munatsikira ndinu?"

"Iyayi."

"Nanga ndani anatsikira?"

"Ndinu."

"Ndiye mukuuza mwini dzenje zimene zili m'dzenje? Akazi a masiku ano! Dikirani pomwepo, wina asasunthe, ngakhale inu abusa."

Anatenga ndodo yawo nalowera njira ya kumanda, osafulumira n'komwe, ndipo tinadikira nthawi yokwana kuphika tiyi ndi kumwa. Pobwera anali atakolekera paphewa thumba la feteleza lomanga ndi luzi. Analiika patsogolo pa Agogo anaMwale, nalimasula, ndipo munatuluka pulasitiki, m'pulasitikimo munatuluka kope lachikuto chakuda, lonenepa ngati buledi, ulusi wa fodya uli lendelende, louma bwinobwino, osasowa ndi tsamba limodzi lomwe.

Agogo anaMwale analigwira ndi manja awiri, nalinunkhiza, kenaka anaseka ndi kulira nthawi imodzi, phokoso limene sitinalimvepo pa munthu wamkulu. Amayi a chigwirizano analuluta pamaliro, abusa akuona, ndipo abusawo sanaletse.

A Simeon anafotokoza motere. Zaka zitatu zapitazo, atakhala awiri pachulu cha kudambo, malemu anawauza kuti: "Simeon, udzandikumbira ndiwe, chifukwa anthu oipa safa msanga. Mkazi wanga ndimamudziwa, amandikonda mopitirira muyeso, adzafuna kundilongedzera kope. Chipewa udzaike, mbale udzaike, koma kope lisadzalowe. Ndi la ana." Tsono atatsikira m'dzenje ndi mtolo uja, anasolola kopelo nalibisa m'malaya, ndipo pobwerera analiika m'phanga la mtengo m'mphepete mwa manda. Sakanatha kulibweretsa kumudzi, pakuti chinthu chimene chaponda kumanda sichibwerera pakati pa anthu maliro asanametedwe. Sakanathanso kunena, pakuti za m'dzenje adzukulu sakambira pabwalo, ndipo kunena kukadakhala kuulula namfedwa ali m'siwa.

"Koma pensulo ndinamusiyira," anatero. "Akalembe za kumeneko. Akuti kuli mbalame zambiri zoyera."

"Nanga bwanji munkatiputa choncho, agogo?" Fainess anafunsa, akusisima.

"Munandipatsa mlandu waulere, ndiye ndiukane? Chibadwire sindinatchukepo chonchi. Ngakhale a kwa Mwase akundidziwa."

"Nanga pepala lija munkasuta lija?"

"Limenelo ndi kope la masamu la Sitandade 6, ndinatola kudzala la kusukulu kwanu. Limayaka bwino kwabasi, muli maziro okhaokha. Dzina la mwini wake lili pachikuto, ndilitchule?"

Chifukwa cha ulemu wa maliro, dzinalo silinatchulidwe, ndipo muuthenga uno silitchulidwanso.

Choncho, pamaso pa anthu onse amene awerenge kapena kumva uthenga uno, ife a kalabu, kuyambira wapampando amene anayatsa moto, mlembi amene anabweretsa machesi, kufikira membala wamng'ono wa Sitandade 4 amene anaponya chibuluma padenga la a Simeon, tikupepesa Agogo a Simeon ndi adzukulu onse a mudzi uno. Tikudziwa kuti pepani sapoletsa chilonda. Koma tikupempha mayi a zitumbuwa, ndi onse amene anathandiza kunyamula bodza lija mpaka kumsika, kuti anyamulenso choonadi ichi ndi liwiro lomwelo, adutse nacho njira zomwezo, osasiya khomo ndi limodzi.

Kope sitinalitsegule pabwalo. Agogo anaMwale anati likatsegulidwe kumene linkalembedwera, ndipo Loweruka pa 8 Malichi anavala nsapato za pulasitiki za malemu, zazikulu ngati mabwato, natsika nafe kudambo koyamba pa zaka makumi awiri ndi chimodzi, a Simeon akutsatira m'mbuyo, akudandaula za udzudzu. Madzi anali atayamba kuphwera m'mbali, udzu utabereka ngala, anamzeze atandandalika pa mawaya a magetsi ngati mikanda. Zipweyo zinali pakati pa madzi zikuimba mluzu, ziswankhono zinayi zikusanthula m'matope, ndipo nantchengwa anadutsa ndi kamtengo kukamwa, kupita ku mtengo wake uja. Adokowe anali atatsala asanu ndi anayi. Wa mphete panalibe, anali atapita.

Tinakhala pachulu, Madamu Msowoya natsegula tsamba lomaliza. Panali chithunzi cha mwendo wa mbalame chojambula ndi pensulo, ndipo pansi pake panalembedwa manambala atatu oonekera bwino: seveni, wani, faifi. Kutsogolo kwake kunali nambala yachinayi yolembedwa mopepuka, ndi chizindikiro cha funso pambali, kusonyeza kuti maso awo anaikayikira. Inali folo. Folo yemweyo amene ife tinayambira kuwerenga! Mutu ndi mchira zinagwirana ngati chikho ndi chivundikiro chake, ndipo tinakuwa mpaka zipweyo zonse zinauluka, chinthu chimene malemu akanatithamangitsa nacho ndi ndodo. Madamu atumiza kale nambala yonseyo kwa anthu oona za mbalame. Kaya adzayankha, kaya sadzayankha, sitikudziwa. Chimene tikudziwa n'chakuti ntchito imene agogo anaiyamba yatha, ndipo sitinaonere kwa wina aliyense.

Agogo anaMwale anapempha magalasi. Poyamba anawagwira chozondoka, nati, "Ii, bwanji zathawira kutali chonchi?" Titawatembenuzira, anayang'anitsitsa dokowe mmodzi amene anaima ndi mwendo umodzi, khosi atalibweza m'mapewa.

"Kani n'zimene ankandisiyira fodya m'chigafa ndekha," anatero. "Taonani kaimidweko. Ndi Redson weniweni akamadikira tiyi."

Dzuwa litakwera, mpweya utatentha, adokowe asanu ndi anayi aja anathamanga pang'ono, natambasula mapiko, nayamba kuzungulira m'mwamba osakupiza, kukwera, kukwera, mpaka anasanduka timadontho, kenaka analunjika kumpoto. Fainess analemba mu mzere wachitatu: 8 Malichi. Anafuna kutseka kope, koma agogo anamugwira dzanja.

"Mizere imeneyi mwati ndi ya chiyani?"

"Dzina, tsiku lofika, ndi tsiku lonyamuka, agogo."

"Ndiye mwatsala ndi mbalame imodzi simunalembe. Lemba, mwana wanga. Redson Kalichero. Kufika, chaka chimene amayi ake ankati kunali dzombe lochepa ndi maungu ambiri. Madamu awerengere okha. Kunyamuka, 25 Febuluwale. Ananyamuka patsogolo pa anzake, monga mwa khalidwe lake, sankafuna kuchedwa."

Fainess analemba, ndipo ngakhale a Simeon anavula chipewa, n'kunamizira kuti akuthamangitsa udzudzu.

Agogo anaMwale, ana a malemu, mbumba yonse ya kwa Kalichero, ndi inu nonse amene imfayi yakukhudzani: m'malo mwa mamembala onse a kalabu, aphunzitsi athu ndi makolo athu, tikuti pepani, pepani kwambiri. Mwataya mwamuna, tate ndi mzati wa pakhomo pa nthawi imene fodya ali m'chigafa ndipo manja akufunika; ife tataya munthu amene anatiphunzitsa kukhala chete, ngakhale phunzirolo tikuvomera kuti sitinalimalize. Mulungu amene amatsogolera dokowe pa njira yopanda zikwangwani akulimbitseni mitima, akupukuteni misozi, ndipo akupatseni mphamvu ya tsiku lililonse. Inu agogo, musadziimbenso mlandu. Munalongedzera amuna anu chifukwa cha chikondi, ndipo palibe mwana wa kalabu ino amene ali nanu chifukwa. Lachitatu lililonse tikaweruka tizibwera kudzakuthandizani kusoka fodya mpaka chigafa chitatha, ndipo tikulonjeza kuti tizisoka ndi manja kuposa pakamwa.

Kope likhala m'nyumba mwanu, pamalo pake pakale, ndipo ife tizidzalibwereka Loweruka ndi kulibweza Loweruka lomwelo. Masamba oyera atsala anayi okha. Chonde musataye singano ija.

Mzimu wa Agogo a Redson Kalichero uuse mumtendere.

Yankho Chisale
Wapampando, Kalabu ya Oonera Mbalame
Sitandade 8, Sukulu ya Pulayimale ya Mtsukunya